Ndinajambula thumba la mpunga pamaliro

Aphungu,

Ndine mtsikana wa chaka chachitatu kukoleji, ndikuphunzira ntchito yomanga ubale pakati pa kampani ndi anthu, ija timati PR. Anzanga atachimenti, ija timakaphunzira ntchito pakampani tisanamalize sukulu, anaipeza ku Lilongwe. Mmodzi wa iwo, Khumbo, tsiku lililonse amaponya zithunzi ali pahotela, baji ili lende pakhosi. Ine ndinagwera kuchigayo cha mpunga kuno ku Golomoti. Ofesi yanga ndi benchi ya pafupi ndi sikelo, ndipo poweruka tsitsi limakhala mbuu.

Sabata zitatu zapitazo kunamwalira a Wilfred, mlimi wa ku Bwanje amene kwa zaka zambiri ankabwera ndi mpunga wawo kuchigayo chathu. Abwana anandipatsa thumba la mpunga nati, "Kapepese m'dzina la chigayo. Si ndiwe wa PR?" Ndinati nthawi yanga yakwana. Ndinavala thalauza ndi tisheti ya kampani, n'kukwera kabaza.

Kusukulu anatiphunzitsa kuti chabwino chimene sichinajambulidwe sichinachitike. Ndiye nditafika pasiwa ndinapempha mayi ofedwa, akazi a malemuwo, kuti agwire thumbalo, dzina la chigayo lioneke bwino. Chithunzi choyamba chinada, ndinawapempha kuti tikabwereze panja powala. Anatuluka ndithu. Chachiwiricho ndinachiponya pa Fesibuku ndipo anthu 212 anachikonda.

Chichokereni tsikulo, alimi a m'mudzi umenewo amangodutsa pageti pathu ndi matumba panjinga, ulendo wa kuchigayo cha kuseri kwa msika. Abwana akuti fomu yanga ya atachimenti sasayina mpaka alimiwo atabwerera, ndipo popanda fomuyo ndibwereza chaka. Mayi Naomi, amene amasesa pachigayo, anangondifunsa kuti, "Mwanawe, unapita kumaliro kapena kuukwati?"

Mtima ukundiwawa, Aphungu. Amalume akuti angandipezere kalata yachidindo kutauni yonena kuti atachimenti ndinachitira kumeneko. Ndiilandire? Nanga atachimenti ya kumudzi phindu lake n'chiyani?

C.K., Golomoti

C.K.,

Mwa anthu 212 aja, ndi angati ali ndi munda ku Bwanje? Werenga bwino, ndikudikira.

Kalata ya amalume uikane. Chidindo sichichotsa umbuli, chimangousamutsira kutauni, komwe udzakajambule pamaliro aakulu kuposa awa. Khumbonso usamusirire. Mabaji aja ndimawadziwa ine: ambiri owavala ntchito yawo n'kugawa madzi a m'botolo ndi kuuzira maikolofoni kuti aone ngati ikumveka. Iwe m'mwezi umodzi wathamangitsa mudzi wathunthu. Zimenezo m'kalasi sakanakupatsa mpata wozichita, ndipo phindu la atachimenti ndi lomwelo: kulakwa udakali ndi nthawi yokonza, pali anthu okudzudzula pamaso.

Safunsa anadya phula. Mphunzitsi wako wa PR unali naye pomwepo, atagwira tsache, koma iwe unamudutsa chifukwa alibe digiri.

Lero lomwe chotsa chithunzi chija. Kenako upemphe Mayi Naomi akuperekeze kwa amayi aja, wekha usapite. Uvale chitenje, tisheti ya kampani itsale pachingwe. Mukafika ukhale pansi, ayambe kulankhula ndi Mayi Naomi. Ikafika nthawi yako unene kuti "ndinalakwa", basi. Zija mumaphunzira zoti "tikupepesa ngati ena anakhumudwa" uzisungire mayeso. Dzina la chigayo usalitchule, za fomu usayerekeze n'komwe. A Wilfred anasiya munda, ndipo mpunga sudikira kuti misozi iume. Ufunse tsiku lomweta, ukagwire nawo chikwakwa mpaka manja atuluke matuza.

Abwana akonso uwauze mwaulemu kuti mwana satumidwa yekha pamaliro a munthu amene wawadyetsa zaka zonsezi. Ulendo wachiwiri apite nawo. Alimi sangabwerere sabata imodzi, koma njinga imodzi ikangokhota pageti, zinazo zitsatira, fomu n'kusayinidwa.

Chenjezo langa ndi ili, poti ana a PR ndimakudziwani. Amayi aja akadzangoti "zatha, mwanangu", dzanja lako lidzayamba kuyabwa. Foni ukaisiye kuchigayo, m'dirowa ya abwana, makiyi atenge Mayi Naomi. Chabwino chimodzi chokhachi chisajambulidwe, tione ngati sichichitika.

Aphungu