Andimeta kwa Kalinde

Lachinayi, 14 Ogasiti 1958, Katete.

Kwachita mphepo tsiku lonse, koma mtima wakhalako pansi.

Lero akwana masiku khumi ndi awiri chimwalirire Tereza, khanda lamasiye la kwa Kalinde. Ndine ndinachonderera abale ake kuti tipite naye ku mishoni akamwe mkaka, poti ndiyo ntchito yanga ya welofeya, yoyang'anira umoyo wa anthu m'midzi. Anatsirizikira pa njinga yanga, ali kumsana kwa amayi ake aang'ono, titatsala ndi mamailosi atatu. Chiyambire tsikulo ndakhala ndikulambalala mudziwo, kuwonjeza mamailosi asanu paulendo uliwonse. Ndikamva mwana akulira, ndimachokapo. Kalata yosiya ntchito ndinalemba pa 9, ili m'thumba la jekete.

M'mawa a Zakeyo, atsibweni a mwanayo, anandiimitsa pamlatho. Ndinayesa abwera kudzandiimba mlandu.

"A Phiri, mukutithawiranji? Tonse tinameta maliro, mwatsala ndinu."

"Ine sindine wachibale," ndinatero.

"Nanga anafera pa njinga ya yani? Tiyeni, lumo likudikira."

Kumudzi anandikhazika pachitsa nandimeta mpala, akuseka kuti mutu wa munthu wa boma nawonso uli ndi zigwa. Ndinalira, koyamba chichitikire zimenezi, ndipo palibe anandiletsa.

Potsazikana a Zakeyo anati m'mudzimo muli mwana wina wotupa miyendo, ndikamuone Lolemba. Ndavomera. Kalata ija sindinaing'ambe, koma Lolemba ndidzadzera njira yachidule. M'mutu mukuzizira, chipewa ndilibe...