Kanjira ka alendo pafupi ndi manda

Lachinayi, m'nyengo ya chiperoni.

Tsiku la lero linali lolemera. Ndabwerera kuntchito koyamba chimwalirireni mkazi wanga Esinati. Ndinayendetsa alendo awiri okonda mbalame m'minda ya tiyi mpaka kumudzi kwathu, kumene azimayi amawagulitsa mapeyala ndi nthochi.

Pobwerera, mbalame inalira m'nkhalango ya kumanda. Kwathu mitengo yachilengedwe inatsala kumanda kokha, poti palibe amayerekeza kuidula. Mlendo wamkazi anali atayamba kale kulowa, kamera ili m'manja.

"Pepani mayi, umo sitilowa chisawawa," ndinatero. "Mkazi wanga ali momwemo. Dothi lake silinaume."

Anabwerera n'kuvula chipewa. Tinaima panjira mpaka mbalameyo italeka kulira.

Titafika kuloji kumene ndimagwira ntchito, amanijala anandiitana. "Achimwene, alendo aja akondwa. Bwanji tikambirane ndi akumudzi, tilambule kanjira m'mphepete mwa manda? Phindu lizipita kwa amayi ogulitsa aja."

Sanalankhule mwachipongwe. Ndikudziwanso kuti Esinati, amene ankagulitsa nawo mapeyala, akanavomera msanga n'kundiseka kuti ndine wouma mutu.

Ndawerenga mabuku ambiri okhudza kusunga nkhalango, koma palibe limene linandiuza chochita ngati nkhalangoyo ikusunga munthu wako. Amanijala akufuna yankho mawa. Ndiwauza kuti kanjirako kadutse chapatali, pamene mbalame zimamveka koma mitumbira sioneka. Akakana, alendo aziwaperekeza wina.