Kamzere ka pa Galasi

Lolemba, 3 Malichi

Zavuta. Miyezi isanu ndikuphunzitsa kompyuta kuzindikira tizilombo ta malungo pa zithunzi za magazi. Malamulo sitiipatsa ayi. Timangoionetsa zitsanzo, awa ndi a wodwala, awa ndi abwino, mpaka igwire yokha. Zithunzi zikwi zinayi, chilichonse ndinachiyang'ana ndi maso angawa. Pa zithunzi zathu imakhoza ngati mwana wa aphunzitsi. Lero tayesa zochokera ku chipatala china. Magazi odzaza tizilombo, iyo ikuti ndi abwino.

Abwana, pamaso pa anthu onse: "Kompyuta sinama, mayi. Wolakwa ndi amene anaiphunzitsa."

Lachitatu, 5 Malichi

Ndabwereza zithunzi mazana atatu. Cholakwa sindikuchiona. Maso kuwotcha. Kontirakiti ikutha mwezi uno. Bambo a mwana akuti ndidye kaye, koma mbale ndangoikankhira pambali.

Loweruka, 8 Malichi

Kogula nyama ndi mwana. Atangoona wogulitsa ndi malaya ake oyera aja, kulira kwake! "Jakisoni! Jakisoni!" Kundikakamira siketi. Wogulitsa kufa nako kuseka: "Ine ndimabaya ng'ombe zokha, mama."

Zaka ziwiri zake zonse, aliyense wa malaya oyera amene wakumana naye wamubaya. Ndiye mwanayu walakwa pati? Ndinaseka mpaka pamsewu. Kenako ndinangoima, nyama ili m'manja. Kodi kompyuta ija ikuyang'anadi tizilombo, kapena nayonso ikuona malaya?

Lolemba, 10 Malichi

Ndinalawira, osamwa ndi tiyi yemwe. Ndachipeza. Zithunzi za odwala pafupifupi zonse tinajambulira pa maikulosikopu yakale, ndipo galasi lake lili ndi kamzere pakona, kang'ono ngati tsitsi. Za magazi abwino tinajambulira pa yatsopano.

Ndinapempha wamakompyuta wathu kuti aike kamzereko pa chithunzi cha magazi abwino. Kompyuta: malungo. Anakafufuta pa cha wodwala. Kompyuta: ali bwino. Wamakompyutayo, munthu wamkulu, anagwira pakamwa.

Ndinalowa m'chimbudzi kukalira pang'ono. Ndinasamba kumaso, n'kukaitana abwana. Anayang'ana kawiri, magalasi ali pamphumi. "Ndiye kuti inu munkalemba zoona." Mawu oti pepani sanatuluke. Koma anandikokera mpando, chinthu chimene sanachitepo.

Lachisanu, 21 Malichi

Pafupifupi masabata awiri osalemba. Tikujambulanso zonse, makina atatu osiyana, odwala ndi abwino mosakaniza. Msana wanga! Komabe ndikugona ngati mwala. Andiwonjezera miyezi isanu ndi umodzi. Bambo a mwana akuuza aliyense kuti nkhani inathetsedwa ndi wogulitsa nyama, akuti tikamupatse satifiketi.

Lachiwiri, 25 Malichi

Tayesanso zithunzi za ku chipatala china chija. Pa makumi asanu yaphonya ziwiri zokha, ndipo ziwirizo ngakhale ine zinandizunguza. Mtima pansi.

Pa nkhomaliro wamakompyuta wandinong'oneza kuti poyamba paja, vuto lisanaoneke, abwana ankafuna kutumiza kompyutayi ku zipatala zing'onozing'ono mwezi wamawa, osaiyesa pa zithunzi za kwina. Iye ndi amene anaumirira kuti tiyese kaye. Sanandiuzepo. Ndangomuyang'ana akusenda lalanje lake. Ku zipatala zing'onozing'onozo kulibe wina woti aonenso magaziwo. Mayi akanabwerera kunyumba ndi mwana wotentha thupi, atauzidwa kuti palibe chilichonse, ndipo pofika mawa lake

Ayi. Sindimaliza. Ndimugulira malalanje thumba lonse.