Achemwali Anu Amasula Galu

Bambo a ana,

Mukapeza geti lili pululu musadabwe, ndapita kukasaka galu wathu. Gulu lathu lowerenga mabuku lija linakumana kuno masana, ndipo timakambirana buku limene wofotokoza nkhani yake ndi galu. Titafika pamene galuyo akudandaula za tcheni, achemwali anu misozi chuchuchu, basi n'kupita kukamasula wathuyu. Akuti nayenso ali ndi maganizo.

Maganizo akewo tawaona. Nkhuku ziwiri za aneba zafa, yachitatu wathawa nayo.

Pepani, sindinaphike. Muchotse makapu pabalaza, kenako mukapepese kwa anebawo, ine manyazi andigwira. Achemwali anuwo muwatenge. Poti ndiwo amamva za mumtima mwa agalu, akamulankhulire okha.

Ndine mkazi wanu wotopa