Ululu wa Che Amidu Unadikira Dzuwa Kulowa

Lachiwiri, 15 Ogasiti 1978. Tsiku la fumbi, ndipo ndatopa ndi kufunsa funso limodzi.

Masana abwera nawo Che Amidu kuno kuchipatala pa njinga kuchokera kwa Kawinga, atagwira pamimba chakumanja. Thupi lotentha, thukuta kamukamu, mtima ukuthamanga. Nditadina pamimbapo, mwendo unadzipinda wokha. Mabuku onse amagwirizana: kathumbo ka apendikisi katupa, afunika opaleshoni ku Zomba.

"Kukupweteka bwanji, bambo? Pang'ono kapena kwambiri?"

"Iyayi adokotala, palibe. Ndi mpweya chabe."

Ndayerekeza ndi dzino lobooka, ndayerekeza ndi kuluma kwa chinkhanira, yankho lomwelo. Akazi awo ndiwo anandinong'oneza pakhonde kuti uno ndi mwezi wa Ramazani. Bambowo akuopa kuti akavomera ululu ndiwamwetsa mapilisi, kusala kwawo kuwonongeka. Ndawauza Che Amidu kuti chipembedzo chawo chimalola wodwala kumasula, komanso wopita ku opaleshoni sitimumwetsa kanthu. Angomwetulira. "Wodwalayo ndani?"

Dalaivala wa galimoto ya chipatala anadikira mpaka kutopa. Munthu wamkulu akakana sungamunyamule ngati thumba la chimanga, choncho yapita popanda iwo. Mawa ikanyamula amayi a chipani kupita kumsonkhano. Za izo ndisalembe zambiri.

Dzuwa litangolowa Che Amidu anamwa madzi, kenaka n'kundiitana mwaulemu. "Adokotala, tsopano kwayamba kupweteka. Kwambiri."

Ndawabaya jakisoni, ndatumanso uthenga ku Liwonde kuti mwina lole ya thonje idutse m'mamawa. Koma kathumboko kakaphulika loleyo isanafike...