Kakhadi Kotchipa ndi Nkhope ya Amayi

Lachitatu, pa 14 Meyi

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Musadabwe kuti ndabwerera ku pepala ndi cholembera chikhalirecho timaonana pa kompyuta Lamlungu lililonse. Pa kompyutapo amayi amakhala ali pambali panga, ndipo mukuwadziwa, makutu awo sanakalambe.

Ndiyambe ndi nkhani yabwino. Mwakhala mukundiseka kuti ndine mmisiri wa makompyuta, koma kwathu chithunzi chimangoima ngati chopachika pakhoma. Vuto limenelo ndathana nalo. Kompyuta yakale ija ilibe mlandu. Chiikireni pulogalamu yaulere ija, imene anthu ongodzipereka amailemba poyera kuti aliyense aione ndi kuikonza, imathamanga ngati mwana. Wolakwa anali kakhadi ka netiweki, kamene kamalumikiza kompyuta ku intaneti. Ndinakagula kotchipa pamsika, m'kabokosi konyezimira kolonjeza liwiro la mphezi. Nditakayang'anitsitsa ndinapeza kuti zolembedwa pabokosi ndi zina, zam'kati ndi zina, ndiye pulogalamu yathu imangokazindikira mwatheka. Kakazizira kamagwira bwinobwino, kakangotentha kamayamba kutaya mawu ndi zithunzi m'njira, kenako zii.

Ndinavutika nako, achemwali. Ndinakaikira kafani kokaziziritsa, ndinasintha waya, osathandiza. Mapeto ake ndinafunsa pa intaneti, pamene anthu ogwiritsa ntchito pulogalamuyi amathandizana nzeru. Mayi wina wakutali, amene sindidzamuona n'komwe, anandiyankha kuti ndisiye kulimbana ndi mtunda wopanda madzi, ndifune khadi yakale imene pulogalamuyo inaizolowera. Ndinaipeza kuntchito m'katoni ya zotayidwa, yafumbi, yopindika pakona. Liwiro lake n'lapakatikati, koma siduka. Ndaiyesa masana dzuwa likuswa mtengo, iyo osaphethira.

Dzulo ndinaitana amayi kuti aone luso la mwana wawo. Ndinawakhazika patsogolo pa kompyuta, ndinaimba kuchokera pa foni yanga, n'kuwapatsa foniyo kuti aone mmene inuyo muziwaonera. Anadziyang'ana pa foniyo. Anagwira tsaya, anagwira khosi, anakonza mpango.

"Iwe, ameneyu ndine?"

"Ndinu, amayi."

"Bwezeretsa kakhadi koyamba kaja. Kanali ndi ulemu kaja."

Ine ndinaseka, koma iwo ayi. "Mlongo wako akandiona chonchi sagona," anatero. "Ali ndi ana, ali ndi ntchito. Nkhungu ya pachithunzi ija imandibisa bwino. Ndipo chithunzi chikaima ndimapezerapo mpata wotsokomola."

Achemwali, apa ndiye pagona nkhani. Amayi atha thupi. Chichokereni kuchipatala kuja, kumene anakuuzani kuti anangopita kukayezetsa, akungotsika. Diresi lawo labuluu lija tsopano amaligwira ndi pini m'chiuno. Adokotala asintha mankhwala, koma sakunena zambiri, ndipo kusanenako n'kumene kukundiopsa. Lamlungu likafika amasamba m'mamawa, kudzola mafuta, kuvala majuzi awiri kuti aoneke odzaza. Amakusekererani, kufunsa za sukulu ya ana, kukudzudzulani za tsitsi. Mukangotsanzika, amafuna dzanja langa kuti akafike pabedi.

Kakhadi kotchipa kaja kali m'thumba la malaya anga pamene ndikulemba pano. Kukabwezeretsa si ntchito, n'kungomasula ndi kumanga kasikulu. Ndakatulutsa m'thumbamo, ndakabweza, ndakatulutsanso. Koma ndaona kuti amayiwa ndi anu monga mmene alili anga, ndipo sindingalole kuti kachitsulo kamene kamakomoka kakatentha kakusankhireni zoti muone. Ndawauza m'mawa uno kuti sindibwezeretsa.

"Makani ngati malemu bambo ako," anatero. Kenako anati, "Ndiye undipezere kalilole ndi chipeso chabwino. Ukasunthenso tebulo, kuwala kwa pazenera kuja kumandiulula."

Ndiye ndili ndi mapempho, ndipo muwalandire monga ochokera kwa wamng'ono wanu. Lamlungu likubwerali muyambe mwakhala nokha, ana abwere pambuyo. Chithunzi chikaonekera musadzidzimuke, musagwire pakamwa, chifukwa tsopano nawonso aziona chilichonse pankhope panu. Muwayamikire mpango, muwalole akudzudzuleni monga mwa masiku onse. Misozi muisunge mpaka titatseka, kenako mundiimbire ine pa foni, ndidzakhala panja. Linalo ndi ili: mukalankhule ndi abwana anu, akupatseni mpata mubwere kuno. Musadikire tchuthi cha ana. Sindikunena kuti zafika poipa, ayi. Dzulo lomwelo adya bwino ndithu, mpaka kutsuka kapu yawo okha. Ndikungoti khadi ingalimbe bwanji, dzanja silidutsa m'waya.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti wailesi yawo ija ndinaikonza, ikungodikira mwini wake. Ana muwapsompsone. Amayi akupereka moni wambiri. Andiona ndikulemba, ndipo akuti ndikuuzeni kuti ali bwino, anenepa, musawadandaule. Ndalemba monga anenera.

M'chipinda mwanu ndachotsamo makompyuta akufa aja, ndakolopa, ndipo bedi ndayala kale.

Ine mlongo wanu,
Mzime wa amayi