Foni Ikuti Ndimangokhala

Amayi, kodi mwadzuka bwanji kumene muliko?

Kuno ku Hara tilipo. Mpunga wa chaka chatha unacha bwino, ngakhale mbalame zinatisautsa. Ng'ombe yabereka, ndiye chambiko, mkaka wowawasa munkaukonda uja, sichikusowa pakhomo. Mdzukulu wanu Wongani, amene munamusiya akukwawa, tsopano ndi bambo wandevu, amagwira ntchito ku Mzuzu. Mkazi wake wabereka mwana wamkazi, tamupatsa dzina lanu. Mphuno ndi yanu, ukali ndi wanu womwe.

Koma ndili pa mlandu, Amayi, ndipo wondineneza si munthu.

Kuchipatala anandipeza ndi BP, magazi akuthamanga. Namwino atamva kuti inu munagwa m'mbali mwa munda, mtolo wa mpunga uli pamutu, osadzukanso, anati mtima wanga ungathe kutsata wanu. Anandipatsa mapilisi. Wongani anandigulira foni yagalasi n'kuikamo kanthu kotchedwa apu. Ntchito yake kundikumbutsa mankhwala, kuwerenga mmene ndayendera, kenaka kumuuza iye ku Mzuzu komweko.

Za mankhwala sindidandaula, kakalira ndimamwa. Koma zinazo, Amayi! Zilembo zake n'zazing'ono ngati nsabwe, zachizungu, pamene ine Chichewa cha sukulu ya kwacha chomwechi ndimalemba mochita kukoka. Galasi lake silimva chala changa. Ndimadina, ndimadina, osatheka, chala chinauma ndi khasu. Kamafunsa zomwe ndadya, n'kundionetsa zithunzi za zakudya zomwe sindinazionepo. Mbalagha ya nthochi mulibe, kondowole mulibe. Mchere kakuti nditchule masipuni. Inu munandiphunzitsa kutsina ndi zala zitatu. Ndinamvera namwino, pano ndikutsina ndi ziwiri, koma malo oti ndikauze zimenezi mulibemo.

Chachikulu ndi ichi. Kanthuka kamawerenga kuyenda pokhapokha foni ili pathupi. Nanga foni ingalowe m'munda wa mpunga, madzi akulekeza m'mawondo? NyaGondwe, wa munda woyandikana ndi wathu, yake inagwera m'ngalande, sinayakenso. Ndiye ine ndimaiika m'kathumba, n'kuikoleka pamsomali kuseri kwa chitseko. Ndimapita kumunda, ndimatsegula madzi, ndimazula mbande, ndimawokera, ndimabwera msana ukuwotcha. Foni ija n'kuuza mwana wanga kuti sindinasunthe.

Anandiimbira. Akuti, "Amama, sabata yonse mwangokhala. Mukudwala, mukubisa."

Ndinati, "Yayi, mwana wanga, wangokhala ndi msomali."

Sanaseke. Akuti, "Foni sinama, Amama. Loweruka ndikubwera ndi galimoto. Munda tibwereketsa, mukakhala kwathu kufupi ndi chipatala chachikulu."

Mwamva, Amayi? Munda wanu uja.

Musaganize kuti sindinayese. Tsiku lina ndinaikulunga m'pulasitiki, n'kuimangirira pachifuwa ndi chitenje. Ndinawokera mpaka dzuwa kupendeka, NyaGondwe akundiseka kuti ndaberekera mwana kutsogolo. Koma mukudziwa mmene timawokerera: kuwerama, kubaya mbande, kukoka mwendo pang'ono chobwerera m'mbuyo. Kuwerama kanthuka sikadziwa. Madzulo Wongani akuti yawerenga ngati ndangopita kuchimbudzi n'kubwera. Amene anakapanga sanaponde matope, ndipo sanafunse aliyense wa ife.

Sindikunamizani, mantha ndili nawo. Nthawi zina ndikaweramuka, maso amachita mdima, ndimakumbukira mmene tinakupezerani. Wongani nayenso si woipa. Akuopa kudzaimbiridwa foni ya uthenga ngati umene ine ndinalandira wa pakamwa. Koma ku Mzuzu ndinapitako kukaona khanda. Kumazizira, nyumba ili mumpanda wa njerwa, geti lokhoma. Ndinkachoka pabedi kupita pampando, pampando kupita pabedi, mapazi mpaka kutupa. Akakandiika kumeneko, m'pamene foniyi idzayambe kunena zoona.

Ndikamanyinyirika m'mawa ndili mtsikana, munkati, "Lowa m'madzi iwe, ulesi uthera momwemo." Ndikulowabe, Amayi.

Dzulo ndinayenda wapansi mpaka kuchipatala. Namwino anandimanga lamba wake woyezera BP pamkono, akuti magazi atsikako, ndipitirize. Ndinamuuza kuti lamba ndizibwera kudzamangidwa, mapilisi ndizimwa, mitolo yolemera ndasiya kusenza. Koma foni isakhale mboni yanga. Ikhale yolira nthawi ya mankhwala basi.

Loweruka Wongani sadzandipeza nditamanga katundu. Adzapeza chitseko chotseka, foni yake ili pamsomali. Akafuna amayi ake, avule nsapato, apinde buluku, anditsate m'matope. Akawokera mzere umodzi pambali panga, ndiye tidzakambirane za amene akungokhala.

Ndimakukondani, Amayi. Ndikulonjeza kuti mapilisi amene inu simunawapeze ndizimwa osadumphitsa, kuti ndichedwe kubwera kumeneko. Ndipo munda wanu sindiusiya.

Ndine mwana wanu,
Esinati